Setilaiti ndi choyezera mvula: mmene timadziwira madzi amene ali kumtunda

Aphunzitsi a jogalafe pa sukulu ina ya sekondale ku Matero, muno mu Lusaka, atumiza funso la mbali zitatu. Akuti m'chaka cha 2024, magetsi atavuta, ankamva pa wailesi kuti akatswiri aona kudzera pa masetilaiti kuti madzi achepa kumtunda kumene Zambezi ndi Kafue zimachokera, ndipo ophunzira awo akufuna kudziwa mmene makina oyenda mumlengalenga angayezere madzi amene ali pansi pano. Akufunsanso kuti ngati makinawo amayezadi, boma limavutikiranji kusunga masiteshoni a zanyengo ndi anthu owerenga mvula, komanso kuti buku lawo likutanthauza chiyani ponena kuti kayendedwe ka madzi n'kogwirizana ndi kayendedwe ka mphamvu ya dzuwa.

Zikomo kwambiri, aphunzitsi. Mfundo imene ophunzira anu ayenera kuigwira poyamba ndi yakuti setilaiti siyeza madzi enieniwo. Imayeza kuwala kobwerera kuchokera pansi, kutentha kwa pamwamba pa mitambo kapena pa nthaka, mafunde ofooka amene dothi limatulutsa, ndiponso kusintha kwakung'ono kwa mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi. Kuti zimenezi zisanduke mamilimita a mvula kapena kuchuluka kwa chinyezi m'dothi, pamafunika masamu, ndipo masamuwo amakonzedwa ndi kuyesedwa poyerekeza ndi zimene zipangizo za pansi zapeza. Siteshoni ya zanyengo ikatsekedwa, setilaiti imapitiriza kutumiza manambala monga kale, koma sipakhalanso womuuza katswiri ngati manambalawo ayamba kusokonekera.

Ambiri a ife sitiganiza kuti timakhala pamalo okwera, chifukwa kulikonse kumene tiyang'ana timangoona dziko lathyathyathya. Komatu mzinda wa Lusaka uli pa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mbali yaikulu ya Zambia ili pakati pa mamita 1,000 ndi 1,500. Munthu amazindikira zimenezi akamatsikira ku Chirundu kapena m'chigwa cha Luangwa, makutu akamatsekeka ndi thukuta likamayamba. Mitsinje yathu ikuluikulu imabadwira pamtunda umenewu. Zambezi imayambira m'boma la Ikelenge, pafupi ndi Kalene Hill, n'kulowa ku Angola, kenaka n'kubwerera pa Chavuma itanyamula madzi a kumtunda kwa dzikolo; Kafue imayambira kufupi ndi malire a Congo n'kudutsa ku Copperbelt; Luangwa imachokera ku mapiri a Mafinga, osati patali ndi Nyika, imene mbali yake yaikulu ili pamwamba pa mamita 2,000. Madzi a mvula ya mu Januwale ndi Febuluwale amachedwa m'chigwa cha Barotse, ndipo nthawi zambiri mtsinje umafika pachimake pa Victoria Falls cha mu Epulo. Amene wadziwa msanga zimene zachitika kumtunda amadziwiratu, kusanathe miyezi ingapo, madzi amene adzalowe m'nyanja ya Kariba.

Kawerengedwe ka madzi pamalo alionse n'kosavuta kukanena. Mvula imene yagwa imagawika patatu: ina imabwerera kumwamba ngati nthunzi, kuchokera padothi, pamadzi ndi m'masamba a zomera, ina imayenda n'kukathira mumtsinje, yotsala imasungika m'dothi, m'madambo ndi pansi pa nthaka. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa sikweya mita, kapena malita 10,000 pa hekitala. Chimene chimadabwitsa ophunzira ambiri n'chakuti m'dera lonse la Zambezi, madzi amene amafika mumtsinje ndi pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi a mvula yonse, ndipo ochulukawo amauluka. Tiyerekeze kuti pamalo ena pagwa mamilimita 1,000 pachaka, 900 n'kuuluka, 100 n'kupita kumtsinje. Katswiri akaphonya ndi 5 peresenti yokha powerengera madzi ouluka, waphonya ndi mamilimita 45, omwe ndi pafupifupi theka la madzi onse opita kumtsinjewo. N'chifukwa chake nthunzi yosaoneka ndi maso imatidyera nthawi yambiri kuposa madzi a mumtsinje amene aliyense akuwaona.

Dzuwa limalowa m'nkhaniyi chifukwa madzi sauluka popanda mphamvu. Lita imodzi imafuna pafupifupi 2.45 megajoule kuti isanduke nthunzi, ndipo tikawerengera m'mayuniti a magetsi amene timagula, amenewo ndi mayuniti pafupifupi 0.7. Hekitala imodzi ya chimanga chimene chikumasula ingathe kutaya mamilimita 5 pa tsiku lowala, ndiye kuti malita 50,000, ndipo mphamvu yake ndi yofanana ndi mayuniti oposa 30,000, yonse yochokera ku dzuwa. Mphamvu ya dzuwa ikafika pansi, ina imabwerera kumwamba, ndipo yotsalayo ili ndi njira zitatu zokha: kuulutsa madzi, kutenthetsa mpweya, kapena kulowa m'dothi. Njira imodzi ikatenga zambiri, zinazo zimatsala ndi zochepa. N'chimodzimodzi ndi mtsuko wadothi umene umachita thukuta kunja kwake: madzi a m'kati amazizira chifukwa kutentha kukuthera pa kuumitsa thukutalo. Mu Okutobala dothi la Lusaka limakhala louma gwa, udzu utapsa, motero mphamvu yambiri imathera pa kutenthetsa mpweya. Kumayambiriro kwa Febuluwale dzuwa limadutsa pamwamba penipeni pa mzindawu, monga limachitiranso kumayambiriro kwa Novembala, koma masana satentha ngati a mu Okutobala, chifukwa mitambo imatchinga ndipo mphamvu imene yafika pansi imathera m'masamba obiriwira ndi m'dothi lonyowa. Zimenezi ndi zimene buku lanu likunena, ndipo zikutanthauza kuti amene wayeza bwino kutentha kwa nthaka ali ndi poyambira powerengera madzi amene akuuluka.

Malo okwera ali ndi khalidwe lawo pa nkhani ya mphamvuyi. Nthaka imene dzuwa laitenthetsa imakhala ili kale m'mwamba, pamsinkhu umene mpweya wa m'madera ozungulira ndi wozizira, choncho mpweya wotenthawo umakwera n'kukoka wina kuchokera m'mbali. Kummwera kwa Angola ndi kumpoto kwa Namibia zimenezi zimachitika mu Okutobala ndi Novembala, ndipo akatswiri a zanyengo amatchula dera limeneli kuti Angola Low. Dzinja likakhazikika, dera lomweli limathandiza kukokera mpweya wa chinyezi kummwera kwa Africa, ndipo mphamvu yake imakhudza mvula imene ife timalandira. Usiku zinthu zimatembenuka: mpweya wa pamalo okwera ndi wopepuka, ndipo m'nyengo yozizira ndi wouma, motero kutentha kumathawa msanga, n'chifukwa chake alimi a m'madimba amaopa chisanu m'madambo mu Juni ndi Julayi. Kusiyana kwakukulu kumeneku pakati pa masana ndi usiku kumavutitsa setilaiti imene imangodutsa kamodzi pa tsiku.

Kumene sayansi imeneyi yakulira kwambiri ndi ku Tibet, dera lokwera loposa ena onse pa dziko lapansi. Ndi lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 2.5 miliyoni, kuposa Zambia katatu, ndipo mbali yake yaikulu ili pamwamba pa mamita 4,000. Mitsinje ya Yangtze, Yellow River, Mekong, Salween, Brahmaputra ndi Indus imachokera kumeneko. M'chaka cha 1957, Ye Duzheng wa ku China ndi anzake, komanso Hermann Flohn wa ku Germany, anafotokoza kuti m'nyengo yotentha dera limeneli limatenthetsa mpweya wa m'mwamba, ndipo kutenthako kumakhudza mvula ya monsoon imene anthu ochuluka a ku Asia amadalira. Vuto linali lakuti masiteshoni anali ochepa kwambiri, makamaka chakumadzulo kumene kulibe anthu ambiri, ndipo masamu a zanyengo anali atakonzedwa m'maiko otsika. M'chaka cha 1998 akatswiri a ku China ndi Japan anachita ntchito yaikulu yoyeza pansi pa dzina lakuti GAME-Tibet, ndipo pambuyo pake ofufuza a ku China ndi a ku University of Twente ya ku Netherlands anakwirira zipangizo zoyezera chinyezi ndi kutentha kwa dothi ku Maqu, Naqu ndi Ngari, malo atatu osiyana nyengo, kuti pakhale poyesera zimene masetilaiti akunena.

Zimene anapeza ndi phunziro kwa ife. Dothi loundana chifukwa cha kuzizira limaoneka kwa setilaiti ngati lopanda madzi, pamene madziwo alimo, angoundana. Masetilaiti anasonyezanso bwino lomwe kuti nyanja zambiri za pakati pa Tibet zakhala zikukula kuyambira m'zaka za m'ma 1990, mpaka Siling Co inaposa Nam Co kukula, koma chithunzi pachokha sichikanatha kunena ngati madziwo achokera ku mvula yochuluka kapena ku madzi oundana a m'mapiri amene akusungunuka. Panafunika zoyeza za pansi, ndipo kafukufuku wambiri akusonyeza kuti mvula ndiyo yathandizira kwambiri. Kuno kwathu kulibe madzi oundana a m'mapiri. Nkhokwe zathu ndi dothi lakuya, madambo ndi madzi a pansi pa nthaka, ndipo zimenezi n'zovuta kuziona kuchokera kumwamba kuposa nyanja kapena phiri loyera mbuu.

Tsopano tione mmene mvula imayezedwera. Masetilaiti a Meteosat, a maiko a ku Ulaya, ali pa makilomita pafupifupi 36,000 ndipo amazungulira mofanana ndi dziko, motero amayang'ana Africa osasuntha, n'kumajambula mphindi 15 zilizonse. A mtundu watsopano, amene woyamba wake anatumizidwa mu Disembala 2022, amajambula mphindi 10 zilizonse. Amaona kuzizira kwa pamwamba pa mitambo. Mtambo wa mabingu umatalika kwambiri, ndipo nsonga yake imazizira mpaka madigiri 40 kapena kuposa pansi pa ziro, choncho maola amene mtambo wozizira chotero wakhala pamwamba pa malo ena amapereka chithunzi cha mvula imene yagwa. Koma kuti ola limodzi la mtambo wozizira likhale mamilimita angati, zimasiyana malo ndi malo, mwezi ndi mwezi, ndipo yankho lake limachokera m'mabuku a masiteshoni. Umu ndi mmene TAMSAT ya ku University of Reading imagwirira ntchito, ndipo kaundula wake amayambira mu 1983. CHIRPS ya ku University of California, Santa Barbara, imayambira mu 1981, ndipo imasakaniza mwachindunji manambala a setilaiti ndi a masiteshoni. Setilaiti ya GPM, ya America ndi Japan, imene inatumizidwa mu 2014, ili ndi rada imene imaona madontho enieni m'kati mwa mtambo, koma imayenda pafupi ndi dziko ndipo imangodutsa pamalo nthawi ndi nthawi.

Njira ya mtambo wozizira imaphonya kwambiri pamalo okwera. Mpweya wa chinyezi ukamakwera phiri umapanga mitambo ya m'munsi, yosazizira kwenikweni, imene imagwetsa mvumbi tsiku lonse. Amene anakhalapo ku Mulanje kapena ku Thyolo nthawi ya chiperoni akudziwa kuti munthu anganyowe mpaka m'mafupa, pamene setilaiti ikulemba kuti kunalibe mvula. Kwina imaphonya mowonjezera, chifukwa nsonga ya mtambo wa mabingu imayala patali kuposa pamene mvula ikugwadi. Palinso nkhani ya kukula kwa malo. CHIRPS imapereka nambala imodzi pa dera la makilomita pafupifupi 5 m'litali ndi 5 m'lifupi, pamene kukamwa kwa choyezera mvula ndi mamilimita 127 okha. Tonse tinaonapo mvula ikukhuthuka ku Chelstone, ku Kanyama kuli fumbi. Pa tsiku lotero setilaiti ndi choyezera zikasiyana, sizitanthauza kuti china chanama, koma kuti zayankha mafunso awiri osiyana. Kusiyana kumeneku kumafika mpaka m'thumba la mlimi, chifukwa inshuwalansi ya nyengo imene imayendera limodzi ndi zipangizo za FISP, ndondomeko ya boma yothandiza alimi ndi feteleza ndi mbewu, imadalira manambala a setilaiti, ndipo munda ungathe kupsa ndi ng'amba m'dera limene nambala yake ikuoneka yabwino.

Madzi ouluka amawerengedwa kuchokera ku kutentha kwa nthaka, monga ndanenera kale. Masetilaiti a Landsat, amene anayamba mu 1972, amadutsa pamalo amodzi masiku 16 alionse, ndipo popeza Landsat 8 ndi Landsat 9 zimasinthana, chithunzi chimapezeka masiku 8 alionse. Kutentha amakuyeza pa mamita 100 m'litali ndi m'lifupi. MODIS, imene ili pa masetilaiti a Terra ndi Aqua, imaona tsiku ndi tsiku koma pa kilomita imodzi. Mukatsegula chithunzi cha kutentha cha mu Sepitembala cha ku Mazabuka, minda ya nzimbe ya ku Nakambala imaoneka yozizira pakati pa tchire lotentha, ndipo ku Mkushi ndi ku Chisamba minda yozungulira ya tirigu wothirira imaoneka bwino imodziimodzi. Njira zotchuka zosandutsira kusiyana kumeneku kukhala mamilimita ndi SEBAL, ya Wim Bastiaanssen, ya mu 1998, ndi SEBS, ya Zhongbo Su, ya mu 2002. Njirazi zimafunabe liwiro la mphepo, kutentha kwa mpweya ndi chinyezi chake, zimene gwero lake ndi masiteshoni. Choipa kwambiri n'chakuti kamera ya kutentha siiona kupyola mitambo, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene madzi akuuluka kwambiri, milungu ingathe popanda chithunzi choyera ngakhale chimodzi.

Nkhalango za miombo, zimene zaphimba mbali yaikulu ya mtunda wathu, zili ndi vuto lake lapadera. Mu Ogasiti ndi Sepitembala, mvula isanagwe ngakhale ya chizimalupsa, mitengo imeneyi imaphuka masamba atsopano ofiira ndi obiriwira, pamene dothi la pamwamba lili fumbi lokhalokha. Imamwa madzi akuya ndi mizu yake yaitali, kuwonjezera pa zimene inasunga m'thunthu. Masamu ambiri a makompyuta amaganiza kuti dothi la pamwamba likauma, zomera nazonso zasiya kutulutsa nthunzi, ndipo pa miombo ganizo limeneli n'lolakwika. Ofufuza a ku Zambia ndi a ku Delft University of Technology atayeza m'nkhalango ya miombo m'dera la Mpika, anapeza kuti manambala a masetilaiti osiyanasiyana sagwirizana bwino ndi zoyeza za pansi, makamaka m'chilimwe. Nkhaniyi si ya m'mabuku yokha, chifukwa madzi amene mitengo yamwa m'chilimwe ayenera kubwezeretsedwa ndi mvula yoyamba mitsinje isanayambe kudzaza, ndiponso sitingathe kunena molondola zimene kuotcha makala kumtunda kwa Kafue kumachita pa mtsinjewo tisanadziwe madzi amene nkhalango yosadulidwa imamwa.

Za chinyezi cha m'dothi ndinene mwachidule. SMOS ya mu 2009 ndi SMAP ya mu 2015 zimamva mafunde amene amasintha malinga ndi kunyowa kwa dothi, ndipo mitambo siziitchinga, koma zimangofika masentimita pafupifupi 5 a pamwamba, pa dera la makilomita pafupifupi 40, pamene mizu ya chimanga imapita pansi kuposa pamenepo. Njira yodabwitsa ndi ya GRACE, imene inagwira ntchito kuyambira 2002 mpaka 2017, ndi GRACE-FO imene inatumizidwa mu 2018. Ndi masetilaiti awiri otsatizana, otalikirana makilomita pafupifupi 220. Akamadutsa pamwamba pa dera limene lasunga madzi ambiri, kulemera kwa madziwo kumakoka wakutsogolo poyamba, mpata wa pakati pawo n'kusintha pang'ono zedi, ndipo kuchokera pa kusinthako akatswiri amawerengera mwezi ndi mwezi ngati madzi onse a deralo, a pamwamba ndi a pansi pomwe, achuluka kapena achepa. Kumtunda kwa Zambezi kusintha kwa pakati pa dzinja ndi chilimwe kumaoneka bwino kwambiri. Koma GRACE siiona chinthu chochepera makilomita pafupifupi 300, motero singanene kalikonse za mjigo wa pa sukulu yanu.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ife a mu Lusaka. Mzindawu wakhala pa miyala ya laimu imene ili ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo pafupifupi theka la madzi a m'mipopi amachokera m'mijigo, ena onse amapopedwa kuchokera ku Kafue kudzera pa malo oyeretsera madzi a Iolanda. Madzi a m'miyala yotere amakwera msanga mvula ikagwa, amatsika msanga akapopedwa, ndipo amaipitsidwanso msanga ndi zimbudzi. Palibe setilaiti imene ingatiuze msinkhu wake. Pamafunika mijigo yoyezera, imene munthu amatsitsiramo tepi mpaka italira ikakhudza madzi, kapena kachipangizo kolemba kokha. Bungwe la boma loyang'anira madzi la WARMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, linayamba kulembetsa mijigo potsatira malamulo a mu 2018, ndipo ngakhale eni mijigo ena anadandaula, popanda kaundula wotere palibe amene angawerengere madzi amene tikutulutsa pansi.

Zipangizo za pansi nazonso zili ndi zofooka zake, ndipo si bwino kuzitamanda mopitirira. Pa siteshoni, woyeza amafika 8 koloko m'mawa, n'kuchotsa fanulo, n'kuthira madzi m'galasi la mizere, n'kuwerama kuti diso lilingane ndi madziwo, kenaka n'kulemba m'buku. Akadwala masiku atatu, mvula ya masiku atatu imalembedwa ngati ya tsiku limodzi. Mtengo wa mango ukakula pafupi, choyezeracho chimayamba kulandira mvula yochepa popanda wodziwa. Pambali pake pamakhala beseni lachitsulo la masentimita pafupifupi 120 m'mimba mwake, loyezera madzi ouluka, koma beseni si munda: chitsulo chimatentha, mbalame zimamwamo, ndipo nambala yake iyenera kuchepetsedwa isanagwiritsidwe ntchito. Pa mtsinje, monga pa Chavuma kapena pa Hook Bridge ya Kafue, chimene chimawerengedwa ndi msinkhu wa madzi pa thabwa la mizere, ndipo kuti msinkhuwo usanduke kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi, akatswiri ayenera kupita ndi boti kukayeza liwiro nthawi ndi nthawi, chifukwa mchenga ukasuntha kawerengedwe kakale kamatha ntchito. Chipangizo chabwino koposa pa madzi ouluka ndi nsanja yaitali kuposa mitengo, yokhala ndi makina oyeza mphepo ndi nthunzi kakhumi kapena kuposa pa sekondi, monga imene inaimikidwa m'nkhalango ya Kataba pafupi ndi Mongu pa nthawi ya kafukufuku wa SAFARI 2000. Ngakhale nsanja zotere, ukaphatikiza mphamvu zonse zimene zayeza, nthawi zambiri pamaperewera 10 mpaka 30 peresenti.

Zimene munamva pa wailesi mu 2024 zinachokera ku mbali ziwirizi zitaphatikizidwa. Inali nyengo ya El Niño, pamene madzi a m'nyanja ya Pacific amatentha kuposa nthawi zonse n'kusokoneza mvula, ndipo ng'amba imene inayamba mu Januwale inapitirira pafupifupi mwezi wonse wa Febuluwale, chimanga chili pa msinkhu wofuna madzi kwambiri. Mapu a masetilaiti anasonyeza msanga kukula kwa dera limene lakhudzidwa, kuphatikizapo madera a ku Angola kumene masiteshoni ndi ochepa, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa. Koma chiganizo cha magetsi chinachokera pa zoyeza za pansi. Nyanja ya Kariba inakonzedwa kuti ipange magetsi madzi akakhala pakati pa mamita 475.50 ndi 488.50 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo Zambezi River Authority imatsatira msinkhu umenewu tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi madzi odutsa pa Chavuma ndi pa Victoria Falls. Chaka chimenecho inapereka makyubiki mita 16 biliyoni okha kuti Zambia ndi Zimbabwe zigawane mofanana. Tinganene kuti chaka n'choipa chotani chifukwa chakuti pa Victoria Falls madzi akhala akuyezedwa kuyambira mu 1907, zaka 65 Landsat yoyamba isanatumizidwe.

Mwa maganizo anga, chimene chikutisowa si masetilaiti. Zithunzi za Landsat zakhala zaulere kuyambira mu 2008, za Sentinel za ku Ulaya nazonso n'zaulere, ndipo wophunzira wa ku University of Zambia amene ali ndi kompyuta ndi intaneti angathe kuzipeza lero lomwe. Chimene maiko ena sangatichitire ndi kuyeza pansi pathu pano, chaka ndi chaka, osadukiza. Masiteshoni odzilembera okha, monga amene anaikidwa kudzera m'bungwe la kafukufuku wa zanyengo la SASSCAL m'maiko a kummwera kwa Africa mothandizidwa ndi Germany, athandiza ndithu, koma kugula siteshoni n'kosavuta kuposa kuisamalira: batire limatha, sola imabedwa, njuchi zimamanga m'bokosi, ndipo ndalama za polojekiti zikatha sipakhala mafuta opitira kukakonza. Ine ndingasankhe masiteshoni ochepa osamalidwa bwino kwa zaka makumi atatu, oikidwa kumtunda kumene mitsinje imayambira, kuposa mazana amene adzafa zaka zisanu zisanathe.

Ngati mukufuna kuti ophunzira anu adzionere okha, ikani choyezera mvula pa sukulupo mu Okutobala, mvula isanayambe, ndipo a ku Zambia Meteorological Department angakulangizeni za mtundu woyenera. Chikhale pabwalo, kukamwa kwake kutalingana bwino, ndipo mtunda wochokera pa nyumba kapena mtengo uliwonse ukhale wosachepera kuwirikiza kawiri kutalika kwa chinthucho. Aziwerenga 8 koloko m'mawa tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, ndiponso pa tchuthi cha Disembala, chimene ndi nthawi imene mabuku a m'sukulu zambiri amaduka. Tsiku lopanda mvula alembe ziro, ndipo tsiku limene sanawerenge asiye mpata, chifukwa ziwirizi n'zosiyana ndipo kuzisokoneza kumawononga kaundula yense. Mu Epulo mutenge manambala a CHIRPS kapena TAMSAT a dera la Matero n'kuwaika pambali pa anu. Pa tsiku limodzilimodzi mudzapeza kusiyana kwakukulu, makamaka pa masiku a mvula yamphamvu, amene setilaiti imakonda kuwachepetsa. Mukaphatikiza masiku khumi kusiyanako kudzachepa, ndipo pa mwezi wathunthu manambalawo nthawi zambiri amayandikana.